Kachipewa Kobisidwa m'Sefuliya

Tsiku limene Rahma ndi mwamuna wake Khalid ankasamuka ku Ngara kupita ku Mlare, mwana wa m'mimba mwa Rahma sanagunde.

Kamwanako kanali ndi khalidwe lake. M'mawa uliwonse mayi wake akangowerama pamkeka kuti aswali, iko kankayamba kuponda nthiti ngati kakukana kupanikizidwa. Rahma ankakadandaula pakamwa pokha, mumtima akusekerera. Koma m'mawa umenewo anaswali mpaka kumaliza, m'mimba muli zii. Anamwa tiyi wotentha, zii. Anadziuza kuti mwina kagona, poti dzulo lake anaweramaweramanso kwambiri pomanga katundu. Pathupi panali pa miyezi isanu ndi itatu.

Kusamukaku sikunali kofuna. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma nyanja ya chaka chimenecho inaimba ndithu, anthu ndiwo ankatseka makutu. Inayamba ndi kudya mchenga umene asodzi ankaimikapo matandala oyanikapo usipa, kenako inameza chimbudzi, ndipo itafika pakhonde n'kuyamba kunyambita njerwa, Khalid anati basi. Iye anali munthu wa ku Mangochi amene anabwera kudzatsegula kagolosale, madzi ankawadziwa. Anapeza nyumba yokhala ndi shopu kutsogolo kwake pa Mlare, patali ndi nyanja.

Rahma anali woluka. Mwina museka kuti munthu angadye bwanji za kuluka ku Karonga, kumene umatuluka thukuta uku ukusamba. Sekani, koma mayi wa kuno, kaya kutenthe chotani, khanda lake salitulutsa m'chipatala lopanda chipewa cha ulusi ndi timasokosi. Palinso ana opita ku sukulu zogonera konko ku mapiri a Rumphi ndi Chitipa, amene amafuna majuzi. Manja a Rahma sankakhala chabe, mpaka tsoka litamugwera.

Zaka ziwiri m'mbuyomo mwana wake woyamba anabadwa ali chete, mchombo utamuzinga pakhosi. Apongozi ake atabwera kuchokera ku Mangochi kudzapepesa, anayang'ana dengu la ulusi limene linali pakona, anayang'ana Rahma. Sanakalipe. Akanakalipa zikanaiwalika.

"Mayi wapakati saluka ndipo samanga mfundo," anatero mwakachetechete. "Zimene manja akukulunga kunja kuno, m'mimbamo nazo zikukulungika. Kwanu sanakuuzeni?"

Choncho pathupi pachiwiri patangodziwika, Khalid anatola masingano onse olukira n'kukawatsekera m'shopu.

"Abiti Yusuf, ndi miyezi yochepa chabe," anamunyengerera Rahma, akumuitana ndi dzina la bambo ake. "Tisamuyese Mulungu."

Rahma anapirira, anabweza anthu ofuna majuzi, ankangokhala pakhonde manja ali pamiyendo ngati mlendo. Amene anamusokoneza anali mayi Bertha, woyandikana naye nyumba, mayi wamkulu wogulitsa mpunga, wosadziwa kunong'ona. Iwowa atamva nkhaniyi anaseka mpaka kugwira chipupa.

"Yayi, munyane, mnzangawe! Ine ana anga onse ndawabereka ndikuluka madoilo a kutchalitchi. Ndiye mwana adzabwera maliseche, mayi wake ali woveka ana a eni?"

Mawu omalizawo ndi amene anabaya. Mawa lake mayi Bertha anabwera ndi masipoko awiri a njinga, atawanola pamwala. Kuyambira pamenepo Khalid akangopita ku shopu, Rahma ankatseka chitseko n'kuyamba. Analuka shawelo yoyera, kajuzi kachikasu, timasokosi, ndipo pomaliza kachipewa kobiriwira kokhala ndi kampira pamwamba. Ankaluka mtima uli m'mwamba, koma ankaluka. Zonse ankazimanga m'jumbo n'kuzibisa m'sefuliya yaikulu yophikira mpunga pa Idi, podziwa kuti mwamuna wake chikwatirire sanavundukulepo poto.

Anyamata atayamba kukweza katundu m'lole, foni inalira. Anali Shamima, mng'ono wake wa Rahma wa ku Mangochi.

"Achemwali, mwanyamuka? Nyumbayo ndi yotani?"

"Tikukweza kumene. Akuti ndi ya malata, ya zipinda ziwiri, mjigo uli pafupi. Ine sindinaione."

"Nanga manja aja mukuwagwira? Simukuluka kanthu?"

"Ndilukenso chiyani ine? Masingano anandilanda."

"Bola. Nanga mlendo wathuyo akuvina?"

Rahma anaika dzanja pamimba. "Akuvina," anatero. Anadula foni msanga.

Anamukhazika kutsogolo, pakati pa dalaivala Ambokile ndi Khalid. Mayi Bertha, amene anati sangalole mnzawo kukalowa nyumba yatsopano yekha, anakwera kumbuyo pamwamba pa matiresi. Msewu unali ndi maenje ake, ndipo lole ikagwera m'dzenje Ambokile ankapepesa. Rahma ankachita kulakalaka dzenje lina lalikulu, loti limudzutse mwanayo. Dzenje linkabwera, thupi lonse linkagwedezeka, koma m'mimba munkangokhala ngati mwaikidwa mwala. Khalid naye ankangoyang'ana kutsogolo, thukuta likutsika m'mphepete mwa kofia yake, ndipo Rahma anaganiza kuti akudandaula za shopu imene waisiya.

Apa ndi pamene mawu a apongozi anadzuka. Paja amati mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma awa sanakome, anawawa. Rahma anayamba kuona zinthu ndi maso a mumtima: ulusi ukuzungulira sipoko, ukuzunguliranso, mzere pamwamba pa mzere, ndipo mkati mwake mwa iye kakhosi kakang'ono. Anachita mantha. Akanatha kutsegula pakamwa pomwepo n'kunena kuti mwana sakugunda. Koma akanati anene zimenezo, funso lotsatira ankalidziwa, ndipo yankho lake linali m'sefuliya kumbuyo kwa lole.

Atafika pa Mlare, nyumba sanaiyang'ane n'komwe. Anadikira kuti anyamata atsitse ziwiya, Khalid apite kutsogolo kukalongosola mashelefu, mayi Bertha apite ku mjigo. Kenako anakokera sefuliya ija kuchipinda n'kutseka chitseko.

Chivundikiro chinali chomangidwa ndi linya. Mkati munali mapoto ang'onoang'ono osanjikizana, ndipo jumbo ija inali pansi pake, kukamwa kuli yasa. Anyamata aja, anaganiza motero, ndi manja awo osakhazikika. Koma analibe nthawi yokwiya. Ngati kuluka ndiko kwamanga mwana, ndiye kumasula kumumasula. Nzeru ya munthu wamantha imaoneka yowongoka choncho.

Anayamba ndi shawelo. Anapeza mfundo yomaliza, anailuma ndi mano, n'kukoka. Chinthu chimene anachiluka miyezi, mobisa, khutu lili kuchitseko, chinayamba kutha mzere ndi mzere, mosavuta ngati sichinavutepo. Ulusi unkagwera pamiyendo pake uli wopotanapotana. Shawelo itatha anaika manja onse awiri pamimba n'kudikira.

Zii.

Anatenga kajuzi. Manja a kajuziko anawasoka bwino kwambiri moti ankakana kuchoka, ndipo anachita kuwang'amba akulira. Timasokosi sitinachedwe. Anagwiranso pamimba, anapempha Mulungu ndi mawu onse amene ankawadziwa, anagona chammbali, anadzukanso. Panalibe kanthu. Ndiye anapisa dzanja m'jumbo kuti atenge kachipewa.

M'jumbo munalibe kanthu.

Anaikutumula. Anatulutsa mapoto onse, anasuzumira m'sefuliya ngati ndi chitsime, anafukula mulu wa ulusi uja. Kachipewa kobiriwira panalibe. Rahma anakhala pansi pa simenti, mutu utaima. Zonse wamasula, koma chimodzi chatsala chomangika, ndipo chotsalacho n'cha kumutu, chimene anachimaliza pokoka ulusi mwamphamvu kuti pamwamba patsekeke. Anakumbukira mmene anakokera, mmene kabowo kanafinyikira mpaka kutsekeka, ndipo anagwira khosi lake lomwe.

Mayi Bertha anakankha chitseko ndi phazi, ndowa ili pamutu. Ataona ulusi uli mbwee chipinda chonse, anatula ndowayo madzi n'kutayikira.

"Chiuta wane! Mwapenga? Shawelo ija?"

"Mama, mwana sakugunda."

"Kuyambira liti?"

"M'mawa. Ndamasula zonse koma kachipewa sindikukaona. Kagwa ku Ngara, m'nyumba muja kapena pakhonde. Ndithandizeni, tikakapeze ndikamasule. Koma bambo asadziwe."

Mayi Bertha sanaseke ulendo uno. Nkhope yawo inagwa, ndipo Rahma ataona kuti ngakhale mayi wosaopa kanthu uja wachita mantha, mantha ake anawirikiza.

"Kuyambira m'mawa, inu muli pano kulimbana ndi ulusi?" Anatembenukira kukhomo n'kukuwa ndi mawu awo a pamsika. "Adada! A Khalid! Luwiro, fulumirani! Muitaneni Ambokile asapite!"

Khalid anabwera akuthamanga, koma mayi Bertha anamutsekereza pakhomo la chipinda n'kumuuza mawu awiri okha, kuti mwana sakugunda. Munthuyo anatuwa milomo. Dzanja lake linapita pachifuwa, pathumba la malaya, n'kukhala pomwepo.

Lole itafika pamsewu waukulu, Rahma anagwira mkono wa dalaivala.

"Tibwerere kaye ku Ngara. Si patali."

"Ku Ngara kukatani?" anafunsa Khalid.

"Ndaiwala kanthu."

"Kanthu kanji?"

"Kanthu kanga."

"Abiti Yusuf, kanthu kanji koposa mwana?"

Rahma akanena, ndiye kuti wavomera pamaso pa mwamuna wake kuti mwana woyamba uja anamupha ndi iye, ndipo wachiwiriyu akumuphanso, mwadala, atachenjezedwa. Anangoweramitsa mutu. Ambokile anayang'ana Khalid, Khalid analoza kumpoto kumene kunali chipatala, lole n'kukhota.

Pa chipatala chaching'ono cha pafupi, namwino anamugoneka n'kuika kachitoliro kake pamimba. Anamvetsera apa, anasuntha, anamvetseranso. Rahma ankayang'ana nkhope ya namwinoyo ngati wolakwa poyang'ana woweruza.

"Mtima ulipo," anatero namwino, "koma ukugunda motopa. Munali kuti tsiku lonseli, mayi? Musadikire ambulansi, galimoto muli nayo. Pitani ku boma pompano."

Msewu wa ku boma sunatalikepo ngati tsiku limenelo. Pa Lupembe ng'ombe zinadzaza msewu, zikuyenda mwaulemu wake ngati zikuperekeza mkwati, ndipo Ambokile analiza hutala mpaka inasasa mawu. Mayi Bertha anatsika n'kuzithamangitsa ndi chitenje. Rahma sankaona ng'ombe kapena minda ya mpunga. Ankaona kachipewa kobiriwira kakuyandama pamadzi m'nyumba yopanda anthu, kali chimangikire, ndipo lole inkamutengera kutali nako. Anamasula mfundo ya chitenje chake. Anamasula ya mpango wa kumutu. Anayang'ana ngati pathupi pake patsala china chomasula, panalibe. Khalid pambali pake ankangogwedeza milomo mopemphera, dzanja lili pachifuwa paja.

Ku chipatala chachikulu zinthu zinayenda mothamanga. Anamuyeza, anaitanizana, wina anati opaleshoni, Khalid anatsala kuseri kwa chitseko. Anamubaya jakisoni pamsana, thupi la kumunsi linachoka, nsalu inatchinga maso ake. Ankamva kukokedwa koma osamva kuwawa. Chimene ankadikira chinali chimodzi, ndipo ankachidziwa bwino chifukwa ulendo woyamba anachidikira osachimva.

Kunali chete. Zitsulo zinkagundana, munthu wina ankayankhula motsitsa. Rahma anatseka maso n'kuyamba kukonza mawu okauza apongozi.

Kenako kunamveka kamawu, kakang'ono, kosasa, ngati ka mwana wa mphaka. Kanaleka. Kanayambanso, mokwiya.

"Mtsikana," anatero namwino wa m'chipindamo.

"Pakhosi?" Rahma anafunsa. "Pakhosi pake pali chiyani?"

"Pakhosi palibe kanthu, mayi. Anangotopa m'mimbamo. Mukanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina."

Dzuwa linali lisanalowe pamene anamugoneka m'wodi, pabedi la pafupi ndi zenera. Namwino anabwera ndi kamwana kaja n'kukagoneka pachifuwa pake, khungu kukhudza khungu, n'kuwafunditsa chitenje. Kanali kochepa zedi, kamutu ngati lalanje, titsitsi titamatirira.

"Ameneyu wabwera masiku asanakwane, sayenera kuzizidwa ngakhale pang'ono," anatero namwino. "Kutentha kumathawira kumutu. Chipewa chake chili kuti?"

Mayi Bertha anafukula chikwama. Munali zitenje, beseni, sopo. Chipewa munalibe, poti apongozi anati za mwana zidzagulidwa mwana akaoneka.

"Masokosi? Shawelo?"

Mayi Bertha anayang'ana Rahma, Rahma anayang'ana kudenga. Mayi amene anaveka makanda a Ngara yonse analibe choveka wake, ndipo zovalazo anachita kuzimasula yekha ndi mano ake. Misozi inatsikira m'makutu. Chisoni chake chinali chosakanikirana ndi manyazi.

"Ndikawauze adada athamangire kumsika asanatseke," anatero mayi Bertha, n'kutuluka.

Sanachedwe. Anabwerera akuyenda pang'onopang'ono, mosiyana ndi mayendedwe awo, atafumbata kanthu. Atafika pabedi anatambasula dzanja. Kanali kachipewa kobiriwira, kampira kali pamwamba, kofinyika ndiponso konyowa ndi thukuta.

Rahma anatembenuza mutu. Khalid anali ataima kunja kwa zenera, atagwira zitsulo, kofia ili m'manja.

"Munakapeza kuti?"

"M'sefuliya, m'mawa," anatero Khalid. "Ndimati ndiikemo mapoto. Ndinaona zonse."

"Osandifunsa?"

"Ndinakwiya, Abiti. Ndinatenga kameneka kuti ndikakuonetseni, mundiyankhe. Ndiye ndili pakhonde paja ndinakalowetsa chibakera changa, n'kuona kuchepa kwake. Ndinati ndikaponye m'madzi, dzanja linakana. Ndinangokaika m'thumba."

"Ine ndimafuna tibwerere ku Ngara chifukwa cha komweko. Zina zonse ndamasula. Ndimati katsala ndi kamene kakumupha."

"Inenso ndimati ndi komweka. Mayi Bertha atangoti sakugunda, ndinati ndamupha ndine, posunga chinthu chimene amayi analetsa. Njira yonse kamandiwotcha pachifuwa. Pa Lupembe paja ndinatsala pang'ono kukataya pazenera."

"Bwanji simunataye?"

Khalid anayang'ana kamutu kamene kanali pachifuwa pa mkazi wake.

"Ndinaganiza kuti akapanda kukhala moyo, chidzatsale n'chiyani choti tinali naye?"

Namwino, amene nkhani za m'banjamo sizinkamukhudza, anatenga kachipewako, anakakutumula, anakapukuta ndi nsonga ya chitenje n'kukaveka mwana. Kanali kakakulu. Kanatsika mpaka kuphimba maso, ndipo anachita kukapinda kawiri. Mwanayo anakwinya nkhope, anatambasula kamwendo pansi pa chitenje n'kumuponda mayi wake pa nthiti, pamalo pake pomwe paja.

Rahma anayang'ana kuzenera.

"Che Khalid, masingano anga aja ali kuti?"

"M'katoni ya sopo, pansi penipeni."

"Mawa mubwere nawo. Mutengenso ulusi uli pansi kuchipinda, wonse. Mwanayu alibe chovala."